Mwala wa pa Kanjala

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuswa miyala m'munsi mwa Kanjala.
Madzulo ndimayatsa tayala pathanthwe,
m'mawa ndimathirapo madzi ozizira, thanthwe n'kulira kuti the!
Kenaka nyundo, kenaka wilibala,
kenaka kudikira malole a omanga nyumba ku Kapata.
Sindinaufunsepo mwala kwawo.

Tikambenji anabwera Loweruka kuchokera ku Kitwe,
nsapato zolemera ngati za msilikali,
kagalasi kali lende pakhosi.
Anatola kamwala pamulu wanga n'kukanyambita,
mwana yemwe ndinkamukwapulira kudya dothi!
Atakayang'anitsitsa padzuwa anati,
Amama, mukukumbukira mmene a Esinati ankatchezera kachasu ku Mchini?

Akuti pansi pa mapazi athu,
kutalika ngati msewu wa ku Mwami utauimika chilili,
mwala umasungunuka.
Umakhala phala lofiira losadziwa dzuwa.
Muli madzi, muli mchere,
muli sulufule wonunkha dzira lowola,
ndi mkuwa wochepetsetsa,
njere imodzi ya mawere m'nkhokwe yodzaza chimanga.

Phalalo limakwera, limatopa, limaima panjira,
n'kuyamba kuzizira zaka zoti sungawerenge.
Chouma chimauma, chimasanduka thanthwe longa ili.
Koma madzi alibe pogona m'thanthwe.
Amasonkhana pamwamba, otentha, owawa mchere,
atatola mkuwa wonse umene mwala waukana,
monga nthunzi imatolera ukali mumgolo
n'kusiya masese pansi.

Ndiye amakankha.
Denga limang'aluka,
ming'alu zikwizikwi, ina yopyapyala ngati tsitsi.
Madzi amathamangiramo, amazizira,
katundu wawo amatula pomwepo,
dontho, dontho, ngati pakamwa pa paipi,
mpaka mng'alu utasanduka mtsempha wonyezimira.
Pansi pakafika phala lina, ntchito imayambiranso.

Ndinati, nanga mapiri olavula moto aja timaona pakanema?
Akuti likafulumira kuphulika limataya zonse kumwamba,
mphepo n'kumwaza.
Chuma chambiri chimatsalira pansi pa phiri
limene linatsekera moto m'mimba,
likupsa, osayankhula.

Apo ndinakhala chete.
Ndinakumbuka bambo ake,
chaka chimene anamanga wailesi panjinga kulowera ku Katete,
anthu a pamzere wathu atatchera makutu kudikira phokoso langa.
Sindinatulutse mawu.
Ndinapita kumsika, ndinagula nyundo.
Ming'alu ili m'manja mwangamu, ili kuzidendene.
Chimene chinadonthera m'menemo sindikuchidziwa,
kapena ndi mwana uyu wonyambita miyala.

Iye sanaone, anali akulankhulabe.
Akuti pambuyo pake mvula imasenda phiri,
dzinja ndi dzinja, ngati mpeni pachinangwa,
mpaka za m'mimba zitafika poyera
pamene mbuzi zingapondepo.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitini cha mafuta odzola.
M'menemo ndasunga kamwala zaka zisanu,
kachikasu, kamakona, kowala ngati batani la wapolisi.
Sindinauzepo munthu, ngakhale kutchalitchi.
Anaseka.
Ataona nkhope yanga analeka.
Si golide uyu, Amama, ndi chitsulo chokwatiwa ndi sulufule.
Ngakhale sopo simungagule nako.
Koma nawonso ndi mlendo wa njira yomweyo:
pamene kanagona, madzi otentha aja anadutsapo.

Lolemba anakwera basi ya mbandakucha.
Masana kunabwera lole,
dalaivala akunenerera mtengo ngati miyala imagwa ndi mvula.
Ndinakweza mawilibala asanu ndi limodzi.
Ikapita pansi pa nyumba ya munthu
amene sadzadziwa kuti akugona pa masese a moto.

Kamwala kaja ndakabwezera m'chitini.
Madzulo ano ndayatsanso tayala, utsi wakuda ukulowera ku Moth.
Mawa ndisanathire madzi
ndidzaika dzanja pathanthwe likadali lofunda,
pang'ono chabe,
monga ndinkachitira pamphumi pa Tikambenji akadwala malungo.